Musamatiuze kuti kuno boma limadyetsa anthu

Abale anga a ku Mchinji, makamaka inu a pa Kamwendo amene simugona pa WhatsApp, ndatopa nayo nkhani yoti ku Mangalande munthu akakhala lova boma limam'patsa nyumba ndi ndalama n'kumuuza kuti akagone. Amalume afika pondilangiza kuti: "Mwanawe, bwanji osasiya zosambitsa nkhalambazo, uzingolandira za boma n'kumatigawirako?" Pepani amalume, amene anakuuzani zimenezo sanapondepo kuno.

Ife obwera pa viza yosamalira okalamba, ndalamazo sitizinunkhiza n'komwe. Pa viza pathu analemberatu kuti No public funds, kutanthauza kuti chithandizo cha ndalama za boma sitiloledwa kulandira. Msonkho amadula mwezi ndi mwezi, National Insurance (ndalama ya inshulansi ya boma) amadulanso, koma tsiku limene abwana achepetsa maola, ulibe pogwira. Kampani imene inandibweretsa inalonjeza ntchito yodzaza sabata. Nditafika, masabata ena foni inkangokhala zii, lendi ya kachipinda ikundidikira. Ukadandaula amakukumbutsa mwaulemu kuti viza yako ili m'manja mwawo. Boma likawalanda laisensi yolembera anthu akunja, wolangika ndiwe: amakupatsa masiku 60 kuti upeze kampani ina yokuimira, apo ayi longedza.

Nanga eni dzikowo akudyerera? Ayi ndithu. Mu 2012 boma la David Cameron linakhazikitsa lamulo losintha zithandizo za osauka, nduna yake ali Iain Duncan Smith. Anatenga mitundu 6 ya chithandizo n'kuiphatikiza kukhala chimodzi chotchedwa Universal Credit, ati kuti munthu aziona phindu la kugwira ntchito kusiyana ndi kukhala pakhomo. Pakamwa zinkamveka bwino. Koma ukalembetsa, ndalama yoyamba imabwera patatha masabata asanu. Munthu amene wachotsedwa ntchito lero, ana adya chiyani masabata asanuwo? Amati tenga ya patsogolo, koma imeneyo ndi ngongole, amaidula pang'onopang'ono pa kandalama komweko. Zili ngati katapila wa mu Januwale uja, wotenga thumba limodzi la chimanga n'kudzalira pokolola, kungoti uyu alibe chiwongoladzanja ndipo wokongozayo ndi boma.

Khomo loyandikana ndi langa kuli mayi wachizungu wa ana atatu, wobadwira konkuno. Magetsi ake ndi olipiriratu, ngati mayunitsi athu aja. M'nyengo yozizira ndinam'peza atavala jekete m'nyumba, ana atawakulunga m'mabulangete pa sofa, chotenthetsera nyumba atazimitsa kuti mayunitsi afike Lachisanu. Anandipempha kuti awiritsire madzi pa ketulo yanga, maso ali pansi. Mwana wake wachitatu boma silinkamuwerengera, chifukwa kuyambira pa 6 Epulo 2017 mwana wachitatu wobadwa kuchokera tsikulo sankalandira gawo lake. Tangoganizani lamulo limenelo litafika kwa Mkanda, kumene ana asanu ndi banja wamba! Mu Novembala 2025 nduna ya zachuma Rachel Reeves inalengeza kuti lamuloli lithetsedwa mu Epulo 2026. Zikomo kwambiri, koma mwana amene anabadwa pamene linkayamba ali kale ku pulayimale, ndipo nsapato zothina anazivala kale.

Palinso china cha 2013. Ukakhala m'nyumba ya khonsolo ndipo akuona kuti chipinda chimodzi chilibe wogonamo, amadula 14 peresenti pa chithandizo cha lendi, zikakhala ziwiri 25 peresenti. Mwana akakula n'kuchoka pakhomo, mayi ake amalipira chipinda chimene wasiyacho. Ukalephera kufika pa nthawi imene akuitanira ku Jobcentre, ofesi ya boma yothandiza malova, popanda chifukwa chimene iwo achivomereze, akhoza kukudula ndalama. Mapeto ake anthu amakafola pa tchalitchi ndi kapepala m'manja kukalandira zitini za nyemba, pasita ndi mkaka wa m'katoni. Bungwe la Trussell Trust lokha linagawa maphukusi a chakudya oposa 3 miliyoni kuyambira Epulo 2023 mpaka Malichi 2024. Dziko lolemera limenelo. Nanenso ndinafolapo, yunifolomu ya ntchito ili m'thupi, poti chakudya cha pa tchalitchi sachiwerengera ngati ndalama za boma.

Chimene chimandiseketsa n'choti inu a ku Mchinji ndi amene muyenera kuzimvetsa msanga. Mtukula Pakhomo anayambira kwathu komweko mu 2006 asanafalikire maboma ena. Mukudziwa mmene zimakhalira: olembedwa ndi ochepa, osiyidwa amang'ung'udza, ndalama nthawi zina imachedwa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 agogo anabwera ku msika ndi kajumbo kopepuka. Komabe inu mukasiyidwa mumapita kwa amfumu kapena ku komiti, n'kukakangana ndi munthu pamaso, wodziwa kuti denga lanu likudontha. Kuno dandaulo umalilemba pa intaneti, n'kumadikira kuti wina amene sanakuonepo ayankhe.

Tsono achimwene, ndamva zoti mukufuna kugulitsa munda wa mtedza uja kuti mulipire ejenti wa ku Lilongwe. Kuyambira pa 11 Malichi 2024 obwera kumene pa ntchito yathuyi saloledwa kubwera ndi mkazi kapena ana, ndiye alamu ndi ana mukanawasiya. Ndipo mu Julayi 2025 khomo lolemba osamalira okalamba kuchokera kunja analitsekeratu. Ejentiyo akuti akupezerani viza iti? M'funseni zimenezo alamu ali pomwepo, ndipo mundawo musasainire munthu aliyense. Ya feteleza nditumiza kumapeto kwa mwezi, ya thumba limodzi, osati awiri amene munanena.