Madzi apampopi kuno ku Joni

Mwalemba zoona akuluakulu m'nkhani yanu yotilimbikitsa kumwa madzi apampopi ndi kuika malo odzazira madzi m'malo mogula a m'mabotolo, mabotolo apulasitiki omwera kamodzi n'kutayawa atikwana. Ine ndakhala ku Alexandra, dera lina la mu Joni muno, zaka 6 ndikumwa apampopi ochokera ku damu la Vaal, m'mimba simunandivutepo. Koma kaoneni mtsinje wa Jukskei wodutsa kwathu kuno mvula ikangogwa, mabotolo ali mbwee pansi pa mlatho, madziwo osaoneka n'komwe.

Chomwe mwaiwala n'chakuti anthu anaopsedwa ndi kolera ya ku Hammanskraal, kufupi ndi Pretoria, mu 2023. Alamu anga mpaka lero amawiritsa kaye, ndipo sindiwaseka. Nanga malo odzazira madzi mukunenawo, aikidwe pokwerera ma taxi pomwe timadutsa ndi zigubu zathu mpopi ukauma, osati m'masitolo okhaokha a ku Sandton, dera la anthu olemera.