Baga ya madola 22 popanda tchipisi, koma abale

Kuno ku Montreal, ku Canada, zinthu zafika pena ndithu. Pakona ya msewu wathu panali ka casse-croûte kakalekale, kamalo kodyera zakudya zachangu zotchipa, mipando yong'ambika, mayi apakauntala amakudziwa ndi dzina lomwe. Anagulitsa, ndiye eni atsopanowa apenta zakuda paliponse, apachika timababu tolendewera tija, basi mitengo yakwera ngati tili ku hotela. Dzulo ndalowamo ndi njala yochokera kuntchito, baga yokha madola 22, tchipisi ulipire padera! Ikubwera pa kathabwa m'malo mwa mbale, yaitali moti kukamwa sikukwana, ukangoluma nyama ikuthawira kumbuyo sosi akutsetsereka mpaka m'chigongono.

Koma chandiwawa kwambiri ndi poutine. Chakudyachi chinayambira kumidzi ya Quebec chakumapeto kwa ma 1950, a ku Warwick ndi a ku Drummondville mpaka lero amalimbirana kuti anayambitsa ndani, ndipo ndi zinthu zitatu basi, tchipisi, timibulu ta tchizi ndi msuzi wotentha wabulauni. Tchiziyo ikakhala yatsopano imalira kwiikwii m'mano, ndiye kukoma kwake kumeneko. Apa ayi, athiramo mafuta a truffle (bowa wina wodula kwambiri), nyama ya bakha, timasamba pamwamba ngati maluwa aukwati, tchizi yochokera mufiriji ili zii, tchipisi yanyowa ngati phala. Pachiwaya ku Ndirande atandipatsa zoterezi ndingabweze pompo.

Kenako msonkho pafupifupi 15 peresenti, kamakina kolipirira nako kakundiyang'ana kufuna tip, chikhalirecho chakudyacho ndakatenga ndekha pakauntala.