Dziko Linatha, Koma Magetsi Akuyaka

Ku Mufakose, Harare, April 2025. Chifundo wayatsa TV kuti aonere gawo loyamba la season yachiwiri ya sewero la ku America lotchedwa The Last of Us. Agogo ake, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata, akoka mpando.

Agogo: Bwanji aliyense wanyamula mfuti? Kuli chisankho?

Chifundo: Ayi agogo, dziko linatha mu 2003. Anthu anagwidwa ndi bowa wotchedwa cordyceps. Umalowa m'mutu, munthu n'kuyamba kuluma anzake.

Agogo: Bowa? Ndiwo zija timagula pa Mbare Musika? Azungu kugonja ndi ndiwo!

Chifundo: Si wodya. Unafalikira mu ufa wa tirigu kuchokera ku Jakarta. Amene anadya buledi anatha.

Agogo: Ndiye ukanafika kuno 2008 ukanafa ndi njala bowa wakoyo. Buledi tinkangomumva m'pemphero la Atate Wathu.

Chifundo: Koma agogo kumeneku n'kovuta. M'masitolo mulibe kanthu, ndalama sizigwira ntchito...

Agogo: Iwe, ine ndinagwirapo pepala la 100 trillion dollars m'manja anga ano. Kondakitala wa kombi anangoliyang'ana n'kunditsitsa. Palibe anabwera kudzandijambula.

Chifundo: Chonde, ndimve zimene akunena Joel.

Agogo: Dikira. Mudzi uwu ndi uti? Mababu onsewa?

Chifundo: Ndi Jackson, ku Wyoming. Opulumuka anamanga mpanda. Magetsi amachokera ku damu.

Agogo: Damu lawo lili ndi madzi?

Chifundo: Eya.

Agogo: Ndipo akuvina?

Chifundo: Ndi phwando la chaka chatsopano.

Agogo: Ha! Anthu onenepa chonchi, majekete abwino, mahatchi, palibe ngakhale mmodzi wanyamula chigubu kupita kumjigo 4 koloko m'mawa. Ndiye ukuti awa ndi ovutika?

(Phethi! Magetsi azima. Mdima bii.)

Chifundo: Aaa! Pabwino penipeni!

Agogo: Abwera 11 usiku, monga mwa masiku onse. Tandipatsa kandulo. Komanso unditsitsire sutikesi ija pamwamba pa wadirobu.

Chifundo: Mukubwerera ku Dedza?

Agogo: Ku Jackson.

Chifundo: Kuli zilombo zoluma anthu, agogo!

Agogo: Zimaluma kangati pa mwezi? Chifukwa landilodi wathu amaluma pa 1 paliponse, ndipo mpanda sumuletsa.