Peyala lofiira: pamene alimi a ku America ndi a ku Canada amasiyana

Peyala tikunena pano si avokado ayi, koma chipatso chija cha banja limodzi ndi apozi, chonenepa kumunsi n'kuwonda kukhosi. Mitundu yake yofiira khungu yambiri sinachokere ku njere. Inangotulukira yokha: nthambi imodzi pamtengo wa zipatso zobiriwira inabereka zofiira, mlimi n'kuiona, n'kutengako timphukira kukamezanitsa. Max Red Bartlett anapezeka motero mu 1938 kufupi ndi Zillah m'chigawo cha Washington, Red Anjou kufupi ndi Medford ku Oregon cha m'ma 1950, ndipo Starkrimson ndi nthambi yofiira ya mtundu wakale wa Clapp's Favorite.

Mbiri imeneyi ili ndi ntchito kumunda. Chinasintha kwenikweni ndi khungu. Matenda onse a kholo lake mtengo wofiira unatengera, ndipo kawirikawiri umakula mwaulesi n'kubereka mocheperapo. Nthawi zinanso nthambi imabwerera ku chibadwa, zipatso zake n'kutuluka zobiriwira kapena za mizeremizere. Nthambi yotero imangeni kansalu zipatso zikadali mumtengo, chifukwa masamba akayoyoka simudzaizindikiranso, kenako muidule yonse isanapondereze zinzake. Musatengepo zomezanitsira.

Ku America alimi ena anasankha kufiira kwathunthu, ndipo nyengo inawalola. Washington ndi Oregon ndiwo amatulutsa gawo lalikulu kwambiri la mapeyala odya osaphika m'dzikolo, m'zigwa za Wenatchee, Yakima, Hood River ndi Medford. Ku Wenatchee mvula ya chaka chonse ndi mamilimita pafupifupi 230 basi, madzi ena onse ndi a mthirira. Ku Niagara m'chigawo cha Ontario, komwe kuli minda yambiri ya mapeyala ya Canada, mvula imayandikira mamilimita 900, ndipo chilimwe chake n'cha chinyezi. Nkhani yagona pamenepo, chifukwa mdani wamkulu wa peyala ndi chiwawu chotchedwa fire blight, choyamba ndi bakiteriya wa Erwinia amylovora. Amalowera pa duwa kukatentha kupitirira madigiri 18 kwinaku kuli mvula kapena mame. Duwa limada, nsonga ya nthambi n'kupindika ngati ndodo ya m'busa, masamba n'kuuma osagwa, kukhala ngati wina wawawula ndi moto. Bartlett ndi Clapp's Favorite, pamodzi ndi ana awo ofiira, salimba nacho ngakhale pang'ono.

A ku Canada sanalimbane ndi nyengo, anasintha mtengo. Kumalo a kafukufuku a boma ku Harrow, Ontario, akatswiri anatha zaka makumi angapo akukwatitsa mitundu kuti apeze yopirira chiwawu. Kunatuluka Harrow Sweet, Harrow Crisp, ndi wina amene anafika pamsika mu 2015 ndi dzina loti Cold Snap. Amenewa si ofiira thupi lonse. Ndi achikasu kapena obiriwira, ofiira tsaya lokhalo loyang'ana dzuwa. Pa shelefu sakopa maso ngati Starkrimson, koma mtengo umakhala moyo. Kunalinso china chinawakankha: fakitale yomaliza yoika zipatso m'zitini ku Niagara, ya ku St. Davids, inatsekedwa mu 2008, alimi n'kutsala ndi msika wa zipatso zodya zosaphika wokha. Harrow Sweet ali ndi vuto lake: amabereka mopyola muyezo, ndiye mukapanda kupatulira n'kusiya chipatso chimodzi kapena ziwiri pa phava, mudzakolola tating'onoting'ono.

Izi sizikutanthauza kuti ku Washington chiwawu kulibe. Chaka chimene maluwa akumana ndi kutentha ndi mvula chimawononga koopsa. Machiritso ake mbali zonse ziwiri ndi amodzi. Dulani masentimita 30 mpaka 45 kumunsi kwa pomwe matenda akuonekera, kunja kutauma. Chodulira muviike mu sipiriti wa 70 peresenti kapena jiki wosungunula, muyezo umodzi ku miyezo 9 ya madzi. Zodulazo chotsani m'munda. Feteleza wa nayitirojeni musachulutse, poti mphukira zanthete ndiye khomo la matenda. Mitengo yambiri masiku ano amaimezanitsa pa tsinde la OHxF 87 kapena OHxF 97, lomwe limapirira, kotero kuti pamwamba pakadwala mizu imapulumuka.

Kumadzulo malire sasiyanitsa nyengo. Chigwa cha Okanagan ku British Columbia, m'dziko la Canada, n'chouma ngati cha anzawo kutsidya ku Washington, ndipo Anjou ndi Bartlett amachita bwino. Kumeneko kusiyana kuli pa mbozi yoboola chipatso, mwana wa kagulugufe ka codling moth. Ku Washington ambiri amapachika m'mitengo tinthu totulutsa fungo la kagulugufe kakakazi, tatimuna n'kusokonezeka osapeza mkazi. Ku Okanagan kuyambira m'ma 1990 amaweta agulugufe ku Osoyoos, kuwafula ndi cheza kuti asabereke, n'kuwamwaza m'minda ya dera lonse. Njira yachiwiriyi imafuna kuti alimi onse alowemo ndi kusonkha. Munthu mmodzi payekha sangaikwanitse.

Cholakwika chimene obzala mitengo iwiri kapena itatu amachita kawirikawiri ndi cha mungu. Red Bartlett ndi Bartlett wobiriwira ndi mtundu umodzi, sangaberekane. Pafunika wina, monga Anjou kapena Bosc. Timadzi ta duwa la peyala tilinso ndi shuga wochepa, moti njuchi zimathawira ku maluwa a udzu wapansi. Tchetchani pansi maluwa asanamasule, ndipo ming'oma ibwere mitengo itayamba kale kuchita maluwa.

Pa kukolola ndi kusunga, a ku America ali patsogolo. Peyala silipsera mumtengo. Mukalisiya limawola kuyambira pakati, kunja likuoneka labwinobwino, ndipo Starkrimson ndiye wachangu pa zimenezi. Amathyola likadali lolimba, atayeza kulimba kwake ndi kachipangizo kobaya ka mamilimita 8: Bartlett pa mphamvu yobayira ya makilogalamu 8 kapena 9, Anjou pa 6 kapena 7. Likatero lifunika kuzizidwa kaye pa madigiri pafupifupi -1 kuti lidzathe kupsa, Bartlett milungu iwiri, Anjou pafupifupi miyezi iwiri. Anjou wosazizidwa mokwanira amangofota osafewa. Ofuna kugulitsa msanga amawaika m'chipinda cha mpweya wopsetsa zipatso wa ethylene tsiku limodzi kapena awiri pa madigiri 20.

Wogula naye khungu lofiira limamupusitsa. Red Bartlett akamapsa amawala, kuchoka pa kufiira kodera kufika pa kufiira kowala. Red Anjou sasintha n'komwe. Dinikizani pang'ono ndi chala chachikulu pakhosi, pafupi ndi kamtengo kake: pakabonyoka, lapsa. Mukadikira kuti mimba ifewe, m'kati mwapita kale. Lolimba liikeni m'pepala limodzi ndi nthochi masiku angapo, likapsa lilowe m'firiji.

Kufiira konse kuli pakhungu, m'kati n'moyera. Mukasenda mwataya chomwe munalipirira, ndipo mukaphika nthawi yaitali mtunduwo umasuluka. Peyala lofiira likomera kulidula ndi khungu lomwe, n'kudontheza madzi a mandimu kuti lisade. Ngati cholinga n'kuwiritsa ndi shuga kapena kusunga m'mabotolo, Bartlett wamba kapena Harrow Sweet agwira ntchito yomweyo.