Alamu anga ndi nyanja ya ku Beira

Alamu anga amayendetsa thanki ya mafuta, ndipo Beira ndi kwawo kwachiwiri. Dzulo tinatsutsana pa WhatsApp mpaka foni kutentha. Iwo akuti zoti nyanja yamchere ikukwera ndi nthano chabe, poti adziwonera okha: m'mawa madzi afika kumtunda, masana athawa, maboti atsala pamatope. "Alamu, nyanja imadzaza n'kuphwa tsiku lililonse, chachilendo n'chiyani?"

Zimene anawonazo n'zoona, ndipo wochititsa ndi mwezi. Mwezi umakoka madzi a m'nyanja, dzuwa nalo limakoka koma mphamvu yake pa madziwo sifika theka la ya mwezi. Madzi amatukumuka mbali yoyang'ana mwezi komanso mbali yakuseri, ndiye dziko likamazungulira, doko limakumana ndi madzi odzaza kawiri patsiku, motalikirana maola 12 ndi mphindi 25. N'chifukwa chake mawa amadzaza mochedwerapo ndi mphindi ngati 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima, umakokera limodzi ndi dzuwa, ndipo ku Beira madzi amakwera ndi kutsika mamita oposa 6. Ku Bay of Fundy ku Canada amafika mamita 16.

Koma madzi amenewa amabwerera pamene anachoka. Amene ndikunena ine sabwerera.

Kuchokera mu 1900, nyanja zamchere padziko lonse zakwera pafupifupi masentimita 20, ndipo masetilaiti amene akhala akuyeza kuyambira 1993 akusonyeza kuti liwiro likuwonjezeka. Chifukwa choyamba mukhoza kuchiyesa kukhitchini: dzazani poto mpaka pakamwa ndi madzi ozizira, ikani pambaula. Atayikira asanawire n'komwe, chifukwa madzi akatentha amafufuma. Kutentha kowonjezera kumene utsi wa malasha ndi mafuta ukutsekera padziko, gawo loposa 90 peresenti lalowa m'nyanja. Chachiwiri ndi ayezi wa pamtunda, wa ku Greenland, Antarctica ndi wa m'mapiri, amene akusungunuka n'kutsikira kunyanja. Woyandama kale pamadzi alibe mlandu weniweni. Ayezi akasungunuka m'tambula, madzi sasefukira.

Pena alamu ndinawavomera. Nyanja inasinthapo kale popanda dzanja la munthu. Zaka 20,000 zapitazo inali yotsika ndi mamita pafupifupi 120, moti pakati pa Siberia ku Russia ndi Alaska ku America, pamene lero pali nyanja, panali mtunda wouma. Kungoti nthawi imeneyo kunalibe madoko a simenti ndi mizinda ya anthu mamiliyoni yomangidwa m'mphepete mwa madzi.

Masentimita 20 akumveka ngati zamasewera, sakwana ndi rula ya mwana wa sukulu. Koma namondwe akabwera, monga Idai amene anagwetsa Beira mu Malichi 2019, mphepo imakankhira madzi kumtunda pamwamba pa kudzaza kwa tsikulo, ndipo zonsezo zimayambira pa nyanja yokwera kale. Mzinda wa pachidikha ngati Beira, masentimita ochepawo ndi amene amasiyanitsa khoma lotchinga ndi khoma lopitidwa pamwamba. Ife tilibe nyanja yamchere, inde, koma mafuta ndi feteleza wathu zimatsikira pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam.

Chimatisokoneza chinanso ndi mawu akuti nyanja, poti kwathu amodzi omwewo amatchula zonse. Nyanja ya Malawi itamiza malo ogona alendo ku Mangochi ndi Salima mu 2024, ena analoza ayezi wa ku Antarctica. Ayi ndithu. Nyanja yathu ili mamita oposa 470 pamwamba pa yamchere, ndipo imamvera mvula, dzuwa lowumitsa madzi ndi mtsinje wa Shire. Cha m'ma 1915 inatsika kwambiri, moti mpaka 1935 madzi ake anali ngati asiyiratu kutulukira mu Shire.

Zonsezi ndinawalembera alamu. Awerenga, koma sanayankhe. Mwina ali pamzere ku Mwanza.