Kupepuka kokha sikokwanira pa chivomezi

Mwalemba kuti nyumba za mafelemu a zitsulo zopepuka zimapirira chivomezi. Ndi zoona ndithu, chifukwa nyumba ikamalemera, mphamvu yoikankha nthaka ikagwedezeka imakulanso. Koma bwanji simunatchule za polumikizira? Felemu yopanda zitsulo zopingasa m'makoma, yosamangidwa ndi mabawuti ku maziko, imapendekeka kapena kuchoka pamalo pake ngakhale ipepuke bwanji. Pa chivomezi cha mu 2011 ku Christchurch, mzinda wa ku New Zealand, nyumba zambiri zopepuka zinaima, koma machumuni a njerwa anagwa.

Nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Ku Karonga mu Disembala 2009 makoma a njerwa zomangira dothi anang'ambika, anthu n'kumagona panja nyengo ya mvula. Chonde, mutiuzenso za mtengo womangira nyumba za mafelemu a zitsulozi ndi komwe amisiri athu angaphunzire kamangidwe kameneka.