A vetenale a ku Mchinji ndi anzawo a ku Chipata: amaphunzira kuti, nanga amawayang'anira ndani?

Galu akaluma mwana kwa Mkanda kapena kwa Zulu, uthenga umathamangira kwa munthu mmodzi, mlangizi wa ziweto amene tonse timangoti "a vetenale". Kumidzi kuno kulibe wantchito woona za agalu okha. Amene amasambitsa ng'ombe kudibi, kuyeza nyama pamsika ndi kulemba kalata yosamutsira ziweto ndi yemweyo amene amabaya agalu katemera wa chiwewe. Mukadutsa chipata cha Mwami n'kulowa ku Chipata mupeza zomwezo: dera lililonse la ziweto, lomwe iwo amalitcha kampu, limayenera kukhala ndi wothandizira dokotala wa ziweto. Ntchito ndi imodzi, matenda ndi amodzi, ndipo agalu amawoloka malire tsiku ndi tsiku opanda wowafunsa chiphaso. Kusiyana kuli pa sukulu ndi pa lamulo.

Pa sukulu, Zambia inatitsogolera kalekale. Sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel, pa yunivesite ya Zambia ku Lusaka, inayamba mu 1983 ndipo inakula ndi thandizo la dziko la Japan. Othandizira madokotala amaphunzira ku Mazabuka, pa Zambia Institute of Animal Health. Ife kwa zaka zambiri amene ankafuna udokotala wa ziweto ankachita kupita kunja, mpaka pamene yunivesite ya zaulimi ya LUANAR inatsegula maphunzirowa ku Bunda. Alangizi athu ambiri ndi a dipuloma, ochokera ku Natural Resources College ku Lilongwe kapena ku Mikolongwe ku Chiradzulu. Sitikuwapeputsa ayi. Mlangizi wabwino wa ku Mchinji amadziwa chigodola cha nkhumba kuposa ambiri a digiri, chifukwa matendawa anakhazikika m'boma lino ndipo amakumana nawo chaka ndi chaka. Koma madokotala akachepa, mlangizi amasowa womuyang'anira ndi womuwongolera akalakwitsa.

Pa lamulo, mayiko onse awiri amafuna kuti wogwira ntchitoyi alembetsedwe. Lathu ndi la 2001, la madokotala a ziweto ndi owathandizira. A ku Zambia anakonza lawo mu 2010, n'kukhazikitsa bungwe lolembetsa ndi kuyang'anira ogwira ntchitoyi lotchedwa Veterinary Council of Zambia, ndipo chiphaso chogwirira ntchito chimatha chaka chikatha, munthu n'kukapemphanso china. Alinso ndi lamulo la agalu lapadera, Control of Dogs Act, lokhudza kulembetsa agalu ndi kuwabayitsa katemera, pamene ife nkhani ya chiwewe timaidalira pa lamulo la matenda a ziweto zonse ndi malamulo a makhonsolo. Lamulo la papepala silibaya galu, ndipo kumidzi ya ku Chipata nakonso agalu osalembetsa ndi mbwee. Komabe chiphaso chimene chimatha chili ndi ubwino umodzi waukulu: chimapereka mpata wofunsa munthu zimene waphunzira chitulukireni kusukulu. Kwathu maphunziro obwereza amabwera kawirikawiri ndi polojekiti. Bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies linayamba ntchito ku Blantyre mu 2015, bungwe losamalira nyama la LSPCA lili ku Lilongwe, ndipo amene agwira nawo ntchito aphunzira zambiri. Koma mlangizi wa kumalire, kutali ndi mizindayi, angathe zaka osakhalapo m'kalasi.

Wina angafunse kuti chofunika kubwereza n'chiyani, poti jakisoni ndi jakisoni. Tiyeni tiyang'ane m'bokosi la katemera.

Katemera wa chiwewe amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Aliyense amaopa kutentha, koma kuzizira kopitirira ndiko kumapha katemera mwakachetechete. Mukatenga mapaketi a ayezi ouma gwa kuchokera mufiriji n'kuwagundanitsa ndi timabotolo, katemera amaundana, mphamvu yake n'kuchepa, koma akasungunuka sikawirikawiri kuti maso aone kusintha. Paketi izisiyidwa panja kaye mpaka mukaigwedeza muzimva madzi akuchita khutchukhutchu mkati, ndipo timabotolo tikhale m'kapulasitiki kapena m'katoni pakati pa bokosi. Bokosilo likhale pamthunzi, lisamatsegulidwe wambawamba. Galu aliyense amalandira mililita imodzi, kaya ndi wamkulu ngati mbuzi kaya ndi kamwana, pansi pa chikopa cha pakhosi kumbuyo kwa mutu, ndi singano yakeyake. Kugawa mlingo pakati kuti katemera akwanire ndi kunamiza mudzi wonse. Tiana ta agalu tisatsalenso kunyumba pa tsiku la katemera, pakuti ndito timasewera ndi ana.

Kenako pali kuwerenga. Kuti chiwewe chileke kuyenda m'dera, agalu 70 mwa 100 alionse ayenera kubayidwa, ndipo ntchitoyi ibwerezedwe chaka chilichonse chifukwa agalu a kumudzi amafa msanga, ena n'kubadwa. Kulemba kuti "tabaya agalu 300" sikuuza munthu chilichonse ngati sitikudziwa kuti onse alipo angati. Njira yake ndi yosavuta: galu wobayidwa apakidwe utoto pamphumi, ndipo mawa lake anthu ayende m'mudzi kuwerenga autoto ndi opanda utoto. Autoto akachepa, mubwerere khomo ndi khomo. Apa ndi pamene malire amatipweteka. Tikabaya mbali yathu mu Seputembala, pokumbukira tsiku la chiwewe la pa 28, koma midzi ya tsidya lija osabaya, agalu amakumana padambo limodzi n'kubweza matenda. Alangizi a mbali ziwirizi amalankhula chinenero chimodzi. Akanamaphunzira limodzi ndi kugwirizana masiku a katemera.

Kugwira galu ndi luso limene buku siliphunzitsa mokwanira. Mwini wake ndiye amugwire, dzanja lina pakhosi lina pamimba, nkhope ya galu italoza kwina. Wolusa amangidwe pakamwa ndi kansalu kapena bandeji, mfundo yoyamba pamwamba pa mphuno, yachiwiri pansi pa chibwano, yomaliza kumbuyo kwa makutu. Wosagwirika amafuna ukonde, osati waya wa khwekhwe umene umam'tsamwitsa. Ndipo wobayayo akhale atalandira yekha katemera wa anthu wodzitetezera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO kuyambira 2018 limati masiku awiri akwanira, loyamba ndi lachisanu ndi chiwiri pambuyo pake. Kutuma munthu kukagwira agalu opanda chitetezo chimenechi n'kulakwa, kaya ndi kuno kaya ndi ku Zambia.

Galu akaluma munthu, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kalata ya a vetenale imathandiza achipatala kudziwa za galuyo, koma isachedwetse wodwala. Galu amangidwe masiku 10, akudya ndi kumwa. Akapyola masikuwo ali bwinobwino, ndiye kuti analibe kachilombo m'malovu pa tsiku limene analuma. Akafa kapena akayamba kutuluka dovu, kuluma mitengo ndi kulephera miyendo yakumbuyo, mutu wake upite kukayezedwa, kwathu ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, kwa anzathu ku labotale ya ziweto ya ku Balmoral kufupi ndi Lusaka. Chimene chimawononga nthawi zambiri ndi mkwiyo wa m'mudzi: anthu amaphwanya mutu ndi zibonga, ubongo umene ukanayezedwa n'kuwonongeka. Wodula mutuwo avale magolovesi ndi zotchinga maso, aukulunge m'mapulasitiki awiri, auike m'bokosi lozizira lomwe si la katemera.

Mtunda wokha uli kumbali yathu. Kuchoka pa Mchinji kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100 pang'ono, ulendo wa m'mawa umodzi, pamene wa ku Chipata ayenera kuyenda makilomita oposa 500 kuti afike ku Lusaka. Mutu wa galu wochokera kwa Mlonyeni ungafike pa tebulo loyezera usanayambe kununkha, bola mlangizi akhale ndi ayezi, mafuta a njinga yamoto, ndi wina amene anamusonyezapo kadulidwe kake.